Cikalata Si Mathero a Kuphunzira

Caka ciri conse, maphunziro akatha, timacita mwambo. Timasesa pansi pa mtengo, timaika tebulo, amfumu ndi alendo ocokera ku boma amakhala pamipando. Maina amaitanidwa. Munthu aliyense amadzuka nalandira cikalata cake, amayi akululutira. Ndi tsiku labwino, ndipo tiyenera kusangalala nalo.

Koma pa tsiku lomwelo timamvanso mawu ena. Wina amakweza cikalata m'mwamba nanena kuti: "Basi, ndamaliza sukulu!" Anthu amaseka, amaomba m'manja. Ife aphunzitsi timaombanso.

M'phunziro lino tifuna kuwayeza mawu amenewa. Ife tikuti ndi mawu olakwika, ndipo amatibweza m'mbuyo pa nchito zathu. Tidzudzula ophunzira amene amawanena. Tidzidzudzulanso ife aphunzitsi, cifukwa ndife tinawaphunzitsa kuganiza motero.

Zimene tinaona

M'kalasi mwathu munali bambo wina wolimbikira. Sanali kujomba. Anali woyamba kufika, ndipo pa mayeso anakhoza bwino. Patapita zaka ziwiri, gulu la alimi la m'mudzi mwake linafuna mlembi, munthu wolemba maina, matumba a feteleza wa ngongole ndi makilo a zokolola. Anthu onse anatchula bambo uja. Anati ndi wokhulupirika, ndiponso ali ndi cikalata.

Tsiku la msonkhano anamupatsa kope ndi colembera. Anagwira colembera nthawi yaitali. Analemba zilembo zitatu za dzina lake, naima. Kenaka anapempha inki kuti adinde cala. Ulembi unapita kwa munthu wina.

Tinapita kukamuona kunyumba. Cikalata cinali m'sutikesi, cokulungidwa bwino m'pulasitiki, copanda banga. Kope lake la m'kalasi linali litatha kalekale, mapepala ena ana anang'amba, ena anapicirira fodya. Kucokera tsiku la mwambo uja sanalembenso liwu ngakhale limodzi.

Bambo ameneyu si wopusa. Dzanja lake linaiwala cifukwa linaleka kugwira nchito. Khasu lopacikidwa pa denga limacita dzimbiri ngakhale linagulidwa latsopano. Kulemba ndi kuwerenga kulinso comweco.

Mbiri yathu ikutiphunzitsa

Nkhani imeneyi si yatsopano. Agogo athu anaiona. Pa nthawi ya atsamunda Acipwitikizi, mwana wa mlimi akapeza sukulu inali ya makalasi ocepa, ya ku mishoni. Atsamunda anafuna manja athu pa cibalo ndi m'minda ya thonje. Mitu yathu sanaifune.

Pamene dziko linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu 93 mwa anthu 100 ali onse sanali kudziwa kulemba ndi kuwerenga. Mu 1978 boma linayamba kampeni yoyamba ya dziko lonse yophunzitsa akuluakulu. Anthu anaphunzira m'mafakitale, m'makoperativa ndi m'midzi. Kalembera wa 1980 anapeza kuti osadziwa kuwerenga atsika kufika pa 72 mwa 100. Inali nchito yaikulu, ndipo timaipatsa ulemu.

Koma nchitoyo inali ndi zofooka ziwiri. Coyamba, maphunziro anali m'Cipwitikizi, cinenero cimene alimi ambiri sanali kulankhula kunyumba. Caciwiri, ambiri amene anatsiriza buku loyamba analibe cina coti awerenge. Kenaka nkhondo inakula. Masukulu ambiri anatenthedwa kapena kutsekedwa, ndipo anthu ambirimbiri a ku Tete, Niassa ndi Zambézia anathawira ku Malawi. Pamene mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ambiri amene kale anadziwa zilembo anali ataziiwala.

Agogo aja anali ndi cifukwa. Nkhondo inawalanda kope ndi colembera. Nanga ife, m'zaka za mtendere, ndani watilanda? Ndiponso ife tili ndi mwayi umene iwo analibe. Cinyanja cinayesedwa m'masukulu ena a ku Tete kuyambira 1993, ndipo kuyambira 2003 zinenero zathu zinalowa m'maphunziro a pulaimale pamodzi ndi Cipwitikizi. Buku limene mwagwirali lili m'cinenero ca amayi anu.

Nchito imasintha

Munthu amene akuti "ndamaliza" akuganiza kuti dziko lidzaima pamene iye waima. Dziko siliima. Tiyeni tione zinthu zinayi zimene tonse timazidziwa.

Ndalama. Pa 16 Juni 1980 eskudo ya atsamunda inacoka, metikali inabwera. Mu 2006 metikali inasinthidwanso: 1000 yakale inakhala 1 yatsopano. Aliyense anayenera kuphunziranso kuwerengera. Kenaka ndalama zinayamba kuyenda pa foni. M-Pesa inafika m'dziko muno mu 2013, ndipo palinso e-Mola ndi mKesh. Wogulitsa tomato amene satha kuwerenga uthenga wa pa foni sadziwa ngati ndalama zalowadi. Amapereka nambala yake yacinsinsi kwa mnyamata wa pa msika kuti amuthandize. Cinsinsi ca anthu awiri si cinsinsi.

Munda. Mu 2017 mbozi yacilendo inalowa m'minda yathu ya cimanga. Kwawo ndi ku maiko a ku America, ndipo mu Africa inaoneka koyamba mu 2016. Imabisala mkati mwa nsonga ya cimanga ndi kudya masamba anthete. Makolo athu sanaidziwe, conco sanatisiyire nzeru yolimbana nayo. Mlimi wa zaka 60 ndi mnyamata wa zaka 20 anayamba pamodzi kuphunzira. Anaphunzira kuyendera munda sabata ndi sabata, kufuna mazira pa masamba, ndi kupha mbozi zikadali zazing'ono. Amene amagula mankhwala ayenera kuwerenga botolo: muyeso wake, masiku odikira asanadye, ndi mzere wofiira umene umasonyeza mankhwala oopsa kwambiri. Osawerenga amathira ocepa, mbozi osafa. Kapena amathira oculuka, nadzidwalitsa yekha.

Feteleza. Pa thumba la feteleza wokulitsa timaona manambala atatu, monga 12-24-12. Pa thumba la ureya, feteleza wobereketsa, timaona 46. Manambala amenewa amanena kuculuka kwa cakudya ca mbewu m'makilo 100 ali onse. Mlimi wa mbatata ya kacewere ku Tsangano kapena wa cimanga ku Angónia akadziwa zimenezi, sangagulitsidwe thumba lolakwika.

Sikelo. Tiyerekeze kuti mwapita ndi matumba 10 a soya. Thumba lililonse sikelo ikusonyeza makilo 50, koma wogula akulemba 45. Pa thumba limodzi mwataya makilo 5. Pa matumba 10 mwataya makilo 50. Limenelo ndi thumba lathunthu: thukuta lanu, ndalama ya kope ndi nsapato za mwana. Mwaberedwa muli pompo, maso ali cipenyere.

Ndipo ganizirani za nchito yolembedwa. Ku Moatize malasha anayamba kutumizidwa kunja moculuka mu 2011. Ku Songo kuli magetsi a Cahora Bassa. M'matauni monga Ulongwe muli amisiri omanga, okonza njinga zamoto, okonza mafoni ndi oika magetsi a dzuwa. Woyendetsa makina ayenera kuwerenga malamulo a citetezo. Wofuna laisensi ya galimoto ayenera kukhoza mayeso amene amafuna munthu wowerenga Cipwitikizi. Mmisiri amene satha kuwerenga pulani ya nyumba adzakhala wonyamula njerwa moyo wake wonse, ngakhale manja ake ali aluso kuposa a kapitawo.

Lamulo la maphunziro la 2018 linanena kuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Ana amenewo akukula. Mawa adzaima nafe pa mzere umodzi wofunsira nchito. Cikalata cathu ca lero ndi khomo lolowera. Munthu sagona pa khomo.

Maganizo atatu olakwika

Pansi pa mawu akuti "ndamaliza" pali maganizo atatu. Tiyenera kuwazula limodzilimodzi.

Ganizo loyamba ndi lakuti: "Ndakula, mutu wauma. Zocepa zimene ndaphunzirazi zakwana." Ena amaonjezera mwambi wakuti kuongola mtengo mpoyamba. Mwambiwo ndi woona pa nkhani ya makhalidwe a mwana. Koma munthu si mtengo. Agogo amene amadziwa mbewu ya dothi lililonse, mankhwala a m'thengo ndi mibadwo ya mudzi wonse, mutu wawo sunaume. Agogo omwewo anaphunzira kuyankha foni ali ndi imvi. Kumbukirani Eduardo Mondlane. Anabadwa mu 1920 ku Manjacaze, ndipo anali mbusa wa ziweto mpaka zaka pafupifupi 12. Anayamba sukulu mocedwa. Digiri yake yoyamba anailandira mu 1953, ali ndi zaka za m'ma 30, ndipo ya udokotala mu 1960. Akananena kuti "ndacedwa", mbiri ya dziko lathu ikanalembedwa mwina. N'zoona kuti wamkulu amaphunzira pang'onopang'ono, maso amavuta, dzanja limalemera. Koma wamkulu amadziwa cimene akufunira maphunziro, ndipo zimenezo mwana alibe.

Ganizo laciwiri ndi lakuti: "Kuphunzira ndi kwa anthu ofuna nchito ya mu ofesi. Ine ndine mlimi." Ganizo limeneli tinalilandira kwa atsamunda. Iwo ndiwo anatigawa pawiri: wogwira colembera akhale bwana, wogwira khasu akhale wamanja. Ife tikukana. Kukula pa nchito sikutanthauza kuthawa munda. Mlimi amene amalemba zimene wagula ndi zimene wagulitsa amadziwa mbewu imene ikumupindulira. Wakula pa nchito. Mayi wophika zitumbuwa amene waphunzira kuwerengera mtengo wa ufa, mafuta ndi nkhuni amadziwa phindu lake lenileni. Wakula pa nchito. Msodzi wa ku Metangula amene amasunga kaundula wa nsomba ndi mafuta a injini sangapusitsidwe ndi mwini bwato. Nayenso wakula pa nchito. Khasu ndi colembera si adani. Zonse zimagwiridwa ndi dzanja limodzi.

Ganizo lacitatu ndi lakuti: "Mkazi akadziwa kulemba dzina lake, basi." Mawu amenewa timawamva kwa abambo ena, ndipo nthawi zina kwa amayi eni ake. Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu 39 mwa 100 a zaka 15 kupita m'tsogolo sanali kudziwa kuwerenga. Mwa abambo anali 27, koma mwa amayi anali 49. Komatu ndani amapita ndi mwana ku sikelo? Ndani amasunga khadi la katemera? Ndani amapereka mankhwala usiku? Ndani amasonkha m'gulu losunga ndalama? Bambo amene amaletsa mkazi wake kupitiriza kuphunzira akutseka diso limodzi la banja lake. M'makalasi athu amayi ndiwo amaculuka. Pa mipando ya mlembi ndi msungicuma saculuka. Zimenezi ziyenera kusintha.

Pamene odandaula akunena zoona

Kudzudzula kwabwino kumamveranso mbali ina. Amene amasiya kuphunzira ali ndi madandaulo, ndipo ena ndi oona.

Amati nthawi palibe. N'zoona. Mvula ikagwa munda sudikira. Mayi amadzuka m'mamawa, amalima, amatunga madzi, amatola nkhuni, amaphika. Akafika m'kalasi maso ali olemera.

Amati zowerenga palibe. N'zoonanso. Mabuku a Cinyanja ndi ocepa m'midzi yathu. Zolembedwa pa botolo la mankhwala, pa foni ndi pa makalata a boma zambiri zili m'Cipwitikizi.

Amati: "Mwana wa mnansi wanga anafika kalasi 12, koma ali pakhomo, alibe nchito." Izinso n'zoona, ndipo sitinganame. Maphunziro okha sabala nchito. Ife sitikulonjeza munthu aliyense malipiro a pa mwezi. Cimene tikunena ndi ici: mwayi ukabwera, umatenga amene wakonzeka. Bambo uja mwayi unamupeza pakhomo pake penipeni. Anthu anamufuna. Dzanja ndi limene linali lisanakonzeke.

Madandaulo amenewa akutiuza kuti njira ndi yovuta. Sakutiuza kuti tikhale pansi.

Tidzidzudzule ife aphunzitsi

Tsopano cala ciloze kwa ife. Tinalakwa zinthu zinayi.

Coyamba, tinaphunzitsa anthu kuti akhoze mayeso. Caka conse tinali kunena kuti: "Limbikirani, mayeso ayandikira. Limbikirani, mudzalandira cikalata." Munthu ukamuuza tsiku ndi tsiku kuti ulendo ukuthera pa mtsinje, akafika pa mtsinje amatula katundu. Ndife tinaika mathero pamene panalibe mathero.

Caciwiri, tinasiya moyo kunja kwa kalasi. Tinalemba pa bolodi masamu a m'buku, koma sitinabweretse thumba la feteleza, khadi la ku cipatala, risiti la fodya kapena uthenga wa pa foni. Ophunzira anaona ngati zilembo zimakhala pa bolodi pokha.

Cacitatu, mwambo utatha sitinabwerere. Tinathamangira kulemba maina atsopano kuti ciwerengero ca m'lipoti cikwere. Tinawerenga anthu amene alandira cikalata. Sitinawerenge amene akulembabe patapita caka. Bambo uja tinamuona patapita zaka ziwiri, zinthu zitaonongeka kale.

Cacinayi, ndipo ici ndi cowawa, ifenso tinanena kuti "tamaliza". Ambiri a ife maphunziro athu ndi ocepa. Tinalandira maphunziro a uphunzitsi, ndipo kucokera pamenepo sitinatsegule buku latsopano. Wophunzira akafunsa funso lovuta timacita manyazi kunena kuti "sitikudziwa, tiyeni tifufuze". Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mphunzitsi amene waleka kuphunzira sangauze wina kuti apitirize. Ophunzira amaona zocita zathu kuposa kumva mawu athu.

Ticite ciyani?

Kudzudzula kopanda kukonza ndi phokoso cabe. Nazi nchito zimene tingayambe popanda kudikira thandizo lakunja.

Aliyense akhale ndi kope la nchito yake. Mlimi alembe tsiku lodzala, mtundu wa mbewu, feteleza, masiku a mvula ndi matumba okolola. Wamalonda alembe zogula ndi zogulitsa. Mizere iwiri pa tsiku ikwana. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Amene analandira zikalata asabalalike. Apange gulu lowerenga, la anthu 5 kapena 10, lokumana kamodzi pa sabata. Nthawi ya dzinja akumane ola limodzi lokha. Aliyense abweretse cinthu colembedwa: kalata, kapepala ka mlangizi, buku la mwana, buku la mapemphero, paketi ya mbewu. Wodziwa Cipwitikizi athandize anzake kumasulira mawu asanu pa sabata. Pa caka amenewo ndi mawu oposa 250.

Ngati mabuku a Cinyanja ndi ocepa, tilembe athu. Tifunse akuluakulu mbiri ya mudzi, maina a mitengo ya mankhwala, njira zosungira mbewu. Tilembe m'kope, tiwerengerane. Gulu la mudzi wina libwereke lathu, ife tibwereke lawo.

Tiitane anthu odziwa nchito. Mlangizi wa zaulimi, wazaumoyo wa m'mudzi, mmisiri wa matabwa, wokonza njinga, aliyense abwere tsiku limodzi adzatiphunzitse, ife tikulemba. Tifunse mafunso mopanda mantha. Safunsa anadya phula.

Timvere wailesi ndi colembera m'manja. Rádio Moçambique ndi mawailesi a m'madera amaulutsa m'Cinyanja nkhani za ulimi ndi za umoyo. Wina alembe mfundo zitatu, adzawerengere gulu.

Amene ali ndi mphamvu apitirize makalasi. Kuli maphunziro otsatira kalasi ya akuluakulu, kuli sukulu za usiku, kulinso maphunziro a sekondale a patali. Funsani mphunzitsi wanu kuti apite nanu ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lanu mukamve zimene zilipo pafupi.

Abambo agawane nchito ya pakhomo ndi amayi pa tsiku la gulu. Bambo amene watunga madzi kuti mkazi wake akawerenge sanatsike ulemu. Wamanga banja lake.

Ndipo ife aphunzitsi tikulonjeza zinthu ziwiri. Tidzayendera ophunzira athu akale, osati atsopano okha. Ndiponso aliyense wa ife adzakhala ndi cimene akuphunzira, ndipo adzaciuza kalasi poyera.

Bambo uja anabwerera. Tsiku loyamba anakhala kumbuyo, mutu uli pansi. Patapita masabata ocepa dzanja linakumbuka njira yake, cifukwa cimene munthu anacidziwapo sicivuta kucidzutsa. Tsopano amalemba zokolola zake m'kope. Ulembi wa gulu udzasankhidwanso, ndipo iye akuti adzaimanso.

Pa 8 Seputembala, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira kulemba ndi kuwerenga, tidzasonkhananso pansi pa mtengo. Tidzaimba, tidzalulutira. Koma wina akakweza cikalata nanena kuti "ndamaliza", tisaombe m'manja. Timufunse mwaulemu kuti: "Nanga mawa muwerenga ciyani?"

Mafunso okambirana

1. N'cifukwa ciyani bambo wa m'nkhaniyi analephera kukhala mlembi wa gulu?
2. Ndi zinthu ziti zimene zasintha pa nchito yanu m'zaka 10 zapitazi? Munaziphunzira bwanji?
3. Mwa maganizo atatu olakwika aja, ndi liti limene limamveka kwambiri m'mudzi mwanu?
4. Kodi aphunzitsi adzidzudzula mokwanira? Onjezerani zimene asiya.
5. Wogula akacotsa makilo 3 pa thumba lililonse, mutaya makilo angati pa matumba 12?

Nchito yolemba

Lembani m'kope lanu cinthu cimodzi cimene mufuna kuphunzira caka cino kuti nchito yanu ikule. Lembaninso dzina la munthu amene angakuphunzitseni, ndi tsiku limene mudzapita kukamufunsa.